Alendo Amene Sadametedwe

Amalume anga aang'ono adabwerako ku migodi ya ku Joni m'chaka cha 1967. Adafika ndi bokosi lachitsulo, njinga, kachifuwa kouma kamene panthawiyo palibe adakalabadira, ndi mwamuna wina wamtali wa kuchigwa cha Zambezi, amene Chinyanja chake chinkapendekera ku Chinyungwe. Amayi adatiuza kuti tiziwaitana kuti alendo. Tidawaitana choncho zaka zonse zimene adakhala pakati pathu, kotero kuti ana obadwa pambuyo pake ankayesa kuti ndilo dzina lawo.

Mudzi wathu uli kufupi ndi Lifidzi, pamtunda pozizira, pamene mu Juni chisanu chimawaula masamba a nthochi. Timalima chimanga, nyemba ndi kachewere. Minda ndi ya mbumba ya amayi, ndipo mwinimbumba anali amalume aakulu, mkulu wawo wa amayi ndi amalume aang'onowo. Iwo ndiwo adaloza malo kumapeto kwa mudzi, moyandikana ndi dambo, nati mumange apo. Ankaganiza kuti alendowo angodikira mvula ithe, kenaka abwerera kwawo. Amuna awiriwo adamanga nyumba imodzi ya zidina, adafolera malata, ndipo chipinda chogona chinali chimodzi.

Palibe amene adauzidwa kanthu, komanso palibe amene sankadziwa. Amuna ambiri a kwathu adapitako ku migodi kapena ku minda ya azungu ku Rodeziya, ndipo mawu akuti mathanyula ankawadziwa bwino, ena osati mongomva. Iwo ankati zimenezo ndi za m'komboni, zimatsala komweko pamodzi ndi chisoti ndi nyali ya pamphumi. Kwa iwo mlandu wa amalume sunali kuchita ayi, unali kunyamula n'kubwera nazo kumudzi. Amalume aakulu adayesa kangapo kuwapezera mkazi. Amalume aang'ono ankamvetsera mwaulemu, n'kuthokoza, n'kunena kuti ayambe aona kaye za chifuwachi.

Chimene chidatseka anthu pakamwa ndi ngolo. Atakolola kawiri, amuna aja adagula ng'ombe ziwiri zapagoli ndi ngolo, yoyamba m'mudzi mwathu. Inkatuta kachewere kupita kumsewu kumene kamiyawo, zimene ndi malole a ogula, zinkadikira, inkanyamula odwala ndi amayi apakati kupita ku misiyoni, inkatuta udzu ndi milimo. Woyendetsa anali alendo. Ankadziwanso kupala matabwa ndi kukonza njinga. Munthu amene mawa akapempha ngolo satukwana mwini wake lero. Choncho nkhaniyo inkangotulukira pamowa.

"Alendo, kwanu kuchigwa mame amakamuka nthawi yanji?" wina ankafunsa, potengera mwambi uja wakuti mlendo ndi mame.

"Kuno n'kozizira, achimwene," ankayankha alendo. "Mame amachedwa."

Anthu ankaseka, iwonso n'kuseka, chipanda n'kupitirira.

Panali malire ena amene sankasekedwa. Kwathu munthu amene wagona ndi mnzake amayesedwa wotentha, ndipo akathira mchere m'ndiwo kapena akanyamula khanda, anthu amaopa mdulo. Mkazi wapabanja amadziwa masiku amene ayenera kutuma mwana kuti am'thirire mchere. Koma malamulo a munthu ngati alendo panalibe ankawadziwa, choncho mudzi udangowayesa otentha chaka chonse. Sadanyamulepo khanda la m'mbumba mwathu. Ankaphika bwino nyemba, ndipo akamatipatsira ankabweretsa zopanda mchere, mcherewo uli padera pa tsamba la nthochi. Palibe adawauza kuti azitero. Adangoona mbale zawo zikubwerera zosakhudzidwa, nadziwa.

Ine nditamaliza shikola ku Fonte Boa ndidapita ku Beira m'chaka cha 1968, kumene ndidapeza ntchito ku jornale, nyuzi ya tsiku ndi tsiku. Ndidayamba ndi kuwerenga zolakwa za osindikiza, pambuyo pake ndidayamba kutola nkhani. Kumudzi ndinkabwera kamodzi pachaka, ndipo nkhondo itafika m'dera la Tete zaka zina sindinkabwera n'komwe. Ulendo uliwonse ndinkapeza amalume aang'ono atachepa. Alendo ankanditcha a jornale, ndipo ankandipempha kuti ndiziwabweretsera nyuzi zakale, osati zowerenga, pakuti Chipwitikizi cholembedwa sankachidziwa, koma zotsekera ming'alu ya pazenera kuti mphepo ya kudambo isamalowe kwa wodwala.

Chaka chomaliza amalume sankadzukanso. Ankatsokomola magazi, ndipo abale ankaonera pakhomo, kuopa kutengera. Alendo ndiwo ankawasambitsa, kuwatembenuza, kukataya makhololo kudzala, ndi kuwanyamulira padzuwa m'mawa. Adawatengera pangolo ku chipatala cha ku Vila Coutinho, kumene lero timati ku Ulongwe, ndipo kumeneko adawauza zoona, kuti fumbi la mgodi lidadya kale mapapo. Adamwalira kuchiyambi kwa 1975, chimanga chikumasula. Uthenga udandipeza ndili ku Tete, kumene jornale idanditumiza kukalemba za boma lapakati, loyembekezera ufulu, ndipo ndidafika mtembo usadatuluke m'nyumba.

Pa maliro a kwathu aliyense amadziwa pokhala. Amayi amakhala m'nyumba pamodzi ndi mtembo, ndipo mkazi wa malemu amakhala kumutu. Amuna amakhala panja. Ntchito zonse, kukumba manda, kukhoma bokosi, kunyamula, ndi za adzukulu, anthu amene si abale a womwalirayo. M'bale sagwira khasu kapena nyundo pa maliro ake. Ndidapeza alendo atakhala pakhonde, msana utatsamira chitseko, osalowa kwa amayi, osapitanso kwa amuna. Aliyense wolowa ndi wotuluka ankawalambalala.

Adzukulu ali ndi ufulu wonena chilichonse pasiwa, ndipo palibe amawaimba mlandu. Mkulu wawo, bambo wa mano ochepa ndi pakamwa pakuthwa, adaima pabwalo n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Kodi namfedwa wamkazi ali kuti, timupatse pepani? Kapena ndi a ndevuwa?"

Ena adaseka chapansipansi. Alendo sadadzutse mutu.

Kuseri kwa nyumba adzukulu ena ankalimbana ndi matabwa. Mmisiri weniweni m'mudzi monse anali alendo, ndipo popanda iwo bokosi linkatuluka lopotoka, misomali ikutulukira m'mbali, thabwa limodzi litang'ambika kale. Phokoso la nyundo linkamveka pakhonde, ndipo ndidaona alendo akutsinzina nthawi iliyonse imene msomali wapindika. Apo amalume aakulu adadzuka, adatenga nyundo m'manja mwa mnyamata wina, napita nayo pakhonde.

"Alendo, tathandizani anyamatawa. Akuononga matabwa."

Alendo adayang'ana nyundoyo nthawi yaitali. Adakhala nafe zaka zokwanira, ndipo tanthauzo lake ankalidziwa. Amayi, amene adatulukira pakhomo nthawi yomweyo, adapukusa mutu pang'ono, kuwachenjeza. Koma kuseri kuja thabwa lina lidalira, ndipo alendo adaimirira n'kulandira nyundo. Adaphwasula zonse zimene anyamata adakhoma, adapalanso matabwa, nakhoma bokosi lowongoka, losalala, lopanda mpata wolowa dothi. Anthu ochokera kumidzi ina adaliyamikira kumanda.

Patapita masiku ochepa lidafika tsiku la kumeta koyamba. Abale onse a womwalira amakhala pamzere m'mawa, ndipo mdzukulu amawameta mmodzimmodzi. Ndi mmene mudzi umanenera poyera kuti awa ndiwo aferedwa. Mkazi kapena mwamuna wa malemu, akametedwa tsiku limeneli, sakhudzanso tsitsi lake mpaka kumeta kwachiwiri, kumene kumachitika akakolola, pali mowa. Pamenepo mzimu umauzidwa kuti upite kwa anzake, ndipo wofedwa amamasulidwa.

Tidametedwa tonse, kuyambira amalume aakulu mpaka ana. Kumapeto kwa mzere kudagwada alendo, atavula chipewa. Mdzukulu wa mano ochepa uja adafika pa iwo lumo lili m'manja, ndipo nthabwala zidam'thera. Adatembenukira kwa amalume aakulu.

"Nanga awa?"

"Adakhoma bokosi ndani?" adafunsa amalume aakulu.

"Ndi iwowa."

"Wokhoma bokosi ndi mdzukulu. Mdzukulu sametedwa. Apatseni nkhuku yawo monga anzawo, atigwirira ntchito yabwino."

Adawapatsadi nkhuku. Alendo adailandira ndi manja awiri, adaiika pansi, ndipo idathawira m'chimanga.

Kuyambira tsiku limenelo sadametenso tsitsi kapena ndevu. Adachita zonse zimene wofedwa amachita. Adasiya kupita kumowa, adasiya sopo, ankagona pamphasa pansi, bedi lili pomwepo. Adapalira munda wa amalume, adakolola, ndipo chimanga choyamba adakapereka kwa amayi kuti chikhale chimera cha mowa wa kumeta kwachiwiri. Chiyembekezo chawo chonse chinali pa tsiku limenelo. Ankati lumo likawadumpha kamodzi ndi mkwiyo wa pamaliro, ndipo mkwiyo umazirala.

Miyezi imeneyo dziko linkasintha tsiku ndi tsiku. Apwitikizi a m'makantina, eni masitolo aja, ankakhomera katundu m'mabokosi. Asipayo, apolisi achikuda a boma la Apwitikizi, adavula zipewa zawo. Anthu a chipani, amene adatuluka m'tchire, ankayenda mudzi ndi mudzi kuchititsa misonkhano imene tinkaitcha komisiyo, ndipo zimene ankanena zinkamveka kuposa za mfumu, za padiri, ngakhale za mwinimbumba. Jornale idandisiya kwathu ku Angoniya kuti ndizilemba za misonkhanoyi. Tsiku lina alendo adandipeza ndikupopa njinga.

"A jornale, inu mumalankhula nawo akuluakulu atsopanowa. Akuti anthu onse ndi ofanana?"

"Akutero."

"Onse?"

"Amanena za akuda ndi azungu, amuna ndi akazi, Angoni ndi Achewa."

"Ndiperekezeni."

Mkulu wa chipani m'dera lathu ankakhala mu ofesi yakale ya shefi wa posto, bwanamkubwa wa Apwitikizi wa deralo. Pakhoma panali chibanga choyera pamene adachotsa chithunzi, ndipo patebulo adaikapo mbalamatodya, thabwa lija la zibowo limene asipayo ankamenyera anthu m'manja, kuti aliyense wolowa alione kuti lagwidwa. Kamaradayo, monga a chipani ankaitanirana, anali wamng'ono kwa ine, wowonda, wa nsapato za matayala. Adaimirira, adawapatsa alendo mpando wake, iye n'kukhala pa bokosi. Alendo sadazungulire polankhula.

"Mwana wanga, sindikupempha munda, sindikupempha malata kapena ng'ombe. Munthu amene ndidakhala naye wamwalira. Ndidam'dwazika ndekha. Abale ake akana kundimeta. Anthu tsopano akumva inu. Mukanene pa komisiyo kuti pa kumeta kwachiwiri andimete."

"Anali m'bale wanu?"

"Ayi."

"Bwenzi la kuntchito?"

"Anali munthu wanga. Nyumba imodzi, bulangete limodzi."

Kamarada adayang'ana ine, ine ndidagwedeza mutu. Sadaseke, sadakwinyenso nkhope.

"Bambo, kumeta maliro ndi zina mwa zimene tikufuna kuti zithe. Ndi zamdima."

"Zithe ndikametedwa ine."

Apo adamwetulira, kenaka adatembenuza mbalamatodya ija patebulo.

"Ndikuuzeni zoona. M'tchire tinali nawo awiri otero. Mmodzi ndiye ankasenza mfuti yolemera kuposa zonse, ndipo palibe adadandaulapo za kumene amagona. Koma m'tchire tinali ochepa, tinkadziwana. Kuno ndili ndi anthu amene dzulo lomweli ankauzidwa kuti ife timadya ana, kuti tidzawalanda akazi ndi ng'ombe. Ndikuwauza kuti asiye mitala, asiye malowolo, asiye kachasu, ndipo akundiyang'ana kale ndi diso limodzi. Ndikangotsegula pakamwa pa nkhani yanuyi, mawa pamalire ku Kalomwe osintha ndalama auza a ku Dedza kuti ufulu wa ku Mozambiki ndi wokwatitsa amuna."

"Ndiye mukuti bwanji?"

"Dikirani mbendera ikwere, zinthu zikhazikike. Pakali pano ndikulonjezani chimodzi. Sindinenapo kanthu, kabwino kapena koipa."

Tili m'njira alendo adati mnyamatayo ali ndi ulemu. Adatinso kukhala chete kwa munthu wamkulu kuli ndi ntchito yake, chifukwa amalume aakulu akadzafunsa ngati boma likuletsa, tidzati silidanene.

Komisiyo ya dera lathu idachitika mu Meyi, pa bwalo la mpira, pansi pa mitengo ya bulugama. Kudabwera anthu a midzi yonse yozungulira, Akhristu ndi a kudambwe, Angoni ena atanyamula zishango zawo za ngoma. Ine ndinali kutsogolo, chammbali mwa tebulo, kumene ndinkaona nkhope zonse. Anthu anali ataphunzira kale mayankho. Mtsogoleri akati viva, onse ankakweza chibakera. Akati abasho, kutanthauza kuti chinthucho chigwe, onse ankagwetsa chibakera pansi n'kubwereza mawuwo. M'mbali munkayenda anyamata oyang'ana amene sakuyankha.

Kamarada adalankhula bwino. Abasho utsamunda, bwalo lonse lidagwedezeka. Abasho chibalo, amuna achikulire ena adalira. Abasho kusankhana mitundu. Pa kachasu mawu a amuna adachepa, a amayi adakwera, ndipo anthu adaseka. Pa mitala zidateronso. Kenaka adati amene ali ndi funso afunse, pakuti tsopano boma ndi la anthu.

Adaimirira bambo wina wa m'mudzi mwathu, wa akazi awiri. Mkazi wake wamng'ono adapulumuka pa uchembere chifukwa ngolo ya alendo idam'fikitsa ku misiyoni mvula ikugwa. Sindikhulupirira kuti ankadana nawo. Mawu a mitala ndiwo adam'baya, ndipo akazi ake onse awiri adayankha abasho mokweza iye ali pomwepo.

"Kamarada, ine ndili ndi akazi awiri, mwati abasho. Chabwino, ndamva. Nanga amene alibe ngakhale mmodzi, koma amafunda bulangete limodzi ndi mwamuna mnzake, ameneyo ndiye viva?"

Bwalo lidaphulika ndi phwete. Mitu idatembenuka, ndipo panalibe wovutika kufunafuna, pakuti alendo anali wamtali kuposa onse, tsitsi lili nyankhalala, ndevu zitafika pa kolala. Kamarada adawaona. Adadikira kuti phokoso lithe, koma silinkatha, ndipo amuna amene adangoti chete pa kachasu ndi pa mitala tsopano ankam'yang'ana mwachidwi, ngati anthu amene atchera msampha ndipo akumva ukugwedezeka. Akadatha kunena kuti funso lina. Akadatha kuseka nawo n'kupitirira. Adakweza dzanja.

"Zimenezo si zathu. Adazibweretsa ndi atsamunda, amene ankatsekera amuna athu m'makomboni ngati ng'ombe. Ndi matenda a migodi, ofanana ndi chifuwa. Munthu watsopano sazidziwa. Abasho makhalidwe ovunda!"

"Abasho!"

Yankho limeneli lidaposa la utsamunda. Adabwereza, ndipo anthu adabwereza. Mmodzi wa anyamata oyang'ana aja anali ataima pafupi ndi alendo. Ndidaona dzanja la alendo likukwera mpaka pachifuwa, kenaka likutsika pamodzi ndi a anzawo. Milomo yawo sidagwedezeke.

Msonkhano utatha kamarada adandikokera kuseri kwa galimoto. Thukuta linali kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Ndikadachita bwanji? Mwaona nokha. Ndikadataya bwalo lonse chifukwa cha munthu mmodzi."

"Mudalonjeza kuti simunenapo kanthu."

"Sindidatchule dzina."

Adandipempha kuti ndikawauze bambo aja kuti mtima wake sunali pamenepo. Ndidakawauza. Alendo adangoti, "Ndamva."

Zimene kale zinali nthabwala za pamowa tsopano zidasanduka mawu a boma. Ana ankawatsatira alendo panjira ya kudambo akufuula abasho, zibakera zikugwa, ndipo akuluakulu sankawaletsa, chifukwa kuletsa mwana kunena abasho kunali kudziputira mlandu. Amene ankabwera ndi njinga zoti akonze adayamba kuzikankha mpaka ku Lifidzi. Amalume aakulu adatumiza anyamata kukatenga ng'ombe ndi ngolo, nati chuma cha malemu chisungidwe ndi mbumba. Anthu adapitiriza kubwereka ngoloyo, kwa mwini wina.

Amayi adayesa. Ndinalipo pamene adapita kwa amalume aakulu, nakhala pansi potero, miyendo atatambasula.

"Achimwene, munthu uja ndiye ankasambitsa m'bale wathu. Ife tinkaonera pakhomo. Magazi aja ankataya ndi iye. Lumo likangodutsa kamodzi pamutu pake, chitivuta n'chiyani?"

"Mlongo wanga, ukuyesa ine ndilibe maso?" adayankha amalume aakulu. "Za nyundo zija ndidachita ndi mtima wa pamaliro. Anthu anali ambiri, ndidachita manyazi. Pambuyo pake ndidaganiza kuti pa kwachiwiri tidzam'meta m'mamawa, anthu a kutali asadafike. Mwambo umapindika, timaupinda tsiku ndi tsiku. Koma udamva wekha pabwalo paja. Ndikam'meta lero, mawa andiimika pa komisiyo, ati mwinimbumba uyu akusunga za atsamunda. Ine ndakalamba. Mbalamatodya ya Apwitikizi ndidailawa, sindikufuna kudziwa kuti atsopanowa ali ndi yotani."

Mbendera idakwera pa 25 Juni. Ku Ulongwe kudavinidwa ngoma ndi chintali, ndipo ndidalemba nkhani yaitali imene idasindikizidwa yonse. Kumeta kwachiwiri kudachitika mwezi wotsatira, mowa utapsa, mowa wa chimera cha alendo. Ulendo uno sadagwade pamzere. Adakhala pansi pa mtengo wa mapichesi pafupi ndi nyumba yawo, poonekera, chipewa chili pabondo, kuti ngati wina angasinthe mtima asavutike kuwaitana. Mdzukulu adatimeta tonse. Adayang'ana kumtengo kuja, adayang'ana amalume aakulu, amene ankayang'ana pansi. Kenaka adatsuka lumo, adalikulunga m'kansalu, ndipo adasesa tsitsi lathu kukalikwirira. Amalume aakulu adathira mowa pansi n'kuuza m'bale wawo kuti apite bwino, ife tamasuka, nayenso amasuke.

Mwambo umati nyumba ya womwalira igwetsedwe pambuyo pa kumeta kwachiwiri. Pakakhala mkamwini wofedwa, asadagwetse amam'khazika pamphasa, amam'thokoza chifukwa chodwazika, amam'patsa gawo lake, ndipo amam'perekeza kwawo. Timati kusudzula. Alendo sadasudzulidwe, popeza panalibe chosudzula. Adzukulu adangowapempha kuti atulutse zawo. Adatulutsa bokosi la zida, mphasa, mapoto awiri ndi bulangete, nazimangirira panjinga. Malata adazulidwa, ndipo makoma a zidina adagwa mosavuta.

Ndidawapeza kudambo akutsuka mapoto aja. Ndinali nditatenga lumo langa ndi sopo.

"Bambo, khalani apa ndikumeteni. Ine ndine wa m'mbumba. Malemu anali amalume anga."

Adandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro adaseka pang'ono.

"A jornale, lumo ndili nalo, lakuthwa kuposa lanulo. Inu ndinu mwana, ndipo kuno n'kudambo, kulibe anthu. Lanulo lingochotsa tsitsi."

"Nanga mukhala choncho mpaka liti?"

"Inu mwam'tsanzika, wapita. Kwa ine sadauzidwe kanthu."

Ndidawafunsa ngati abwerera kuchigwa. Adati adachokako ali mnyamata, mudzi wawo udasamutsidwa nthawi ya nkhondo, ndipo sakudziwa amene watsala. Adati mwina ku Kalomwe, kumene munthu wa njinga amapeza katundu woolotsa ndipo palibe amafunsa kwawo kwa mnzake.

M'mawa mwake ndidawaperekeza kumsewu. Amayi adawapatsa ufa ndi nyemba m'kathumba atagwada. Palibe wina adatuluka. Tidadikira pamphambano mpaka kamiyawo ya kachewere idaima, yopita kumalire. Pamwamba pa matumba panali anthu kale, amayi a malonda ndi anyamata. Ndidalankhula ndi woyendetsa, ndipo adavomera munthu mmodzi ndi njinga yake. Kenaka adasuzumira pazenera n'kuona amene ndinkanena, tsitsi litapotana, ndevu zili ndi udzu wa kumene adagona.

"Aa, wamisalayo? Iyayi, achimwene. Andiopsezera makasitomala."

"Si wamisala. Ndi namfedwa."

"Namfedwa wa ndani? Nyengo ino anthu adameta kale."

Amayi a pamwamba paja adakokera madengu awo pafupi. Kamiyawo idanyamuka. Alendo adayesa kukwera njinga, koma katundu adachuluka ndipo msewu umayamba ndi chitunda, choncho adatsika n'kuyamba kukankha. Adandiuza kuti ndibwerere, ndingachedwe machibombo, basi ya ku Tete.

Pambuyo pake ndidadutsa pa Kalomwe kangapo pa ntchito za jornale, ndipo ndinkafunsa onyamula katundu ndi osintha ndalama. Ena ankati adaonapo bambo wamtali wa tsitsi lambiri akukonza njinga pansi pa mtengo, koma adachoka. Ena ankati adaolokera ku Dedza. Wina adandiuza kuti anthu otero adatengedwa pamodzi ndi oyendayenda ena, kupita kumene boma linkati akaphunzitsidwenso. Palibe mwa zimenezi chimene ndidatha kutsimikiza, ndipo sindikudziwa kumene adafera, kapena amene adawaika.